Khobidi Limene Linkayandama pa Madzi

Ndikukumbukira kuti pamene ndinkafika giredi faifi, ndalama zachitsulo kwathu zinali zitafa kale. Sizinachite kuletsedwa ndi munthu ayi. Mitengo ya zinthu inangokwera n'kuzisiya m'mbuyo, mpaka ngakhale switi imodzi inayamba kufuna ndalama yapepala. Mangwee, ndalama zachitsulo zimenezo, ankangopezeka m'fumbi, pansi pa mabedi ndi m'matumba a majekete akale. Anyamata ankawaboola ndi msomali n'kupangira mawilo a galimoto zamawaya, ndipo atate anakhomera ena padenga la khitchini yathu kuti mitu ya misomali isamadutse m'malata. Kunali chapakatikati pa zaka za m'ma 1990, ku Chinyunyu m'boma la Rufunsa.

Mudzi wathu unali m'mbali mwa msewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata, kufupi ndi akasupe a madzi otentha. M'mawa wa nyengo yozizira nthunzi inkakwera pamwamba pa udzu ngati wina waiwala kuzimitsa moto, ndipo mphepo ikachokera kumeneko inkabwera ndi kafungo ka dzira lowola. Ife tinali titakazolowera, alendo okha ndiwo ankagwira mphuno. Pamene madziwo amatulukira pansi sipankapondeka, koma kumunsi, kumene anali atapolako, azimayi ankachapirako zovala ndipo ana tinkasamba mpaka zala kuchita makwinya.

Amayi anga, amene onse ankawaitana kuti amake Eneless potengera dzina langa, anali ndi thebulo pamsewupo. Ankagulitsa nthochi, mazira owiritsa, mtedza wokazinga ndi zitumbuwa. Atate ankagwira ntchito pa famu ina ku Chongwe ndipo ankabwera pakutha pa mwezi, nthawi zina osabwera, choncho sopo, mchere ndi makope athu a kusukulu zinkachokera pa thebulo limenelo. Malonda a pamsewu ndi a liwiro. Basi ikaima, azimayi onse ankathamangira kumawindo, mabeseni ali pamutu. Wokwera akatulutsa ndalama yaikulu unkangofuula kuti "chenji", ndipo mnzako aliyense amene ali pafupi ankamasula mfundo ya chitenje chake n'kukuphwanyira, dalaivala asanalize hutala. Wopanda womuphwanyira ndalama ankabwerera ndi nthochi zake.

Thebulo loyandikana ndi lathu linali la amake Joyce. Iwo ankagulitsa tinsomba touma ta kapenta, shuga wa m'timapepala ndi mafuta ophikira a m'timabotolo, zonse zokaoda ku Lusaka. Anali mayi wolimbikira, wa mawu okwera, amene ankatha kugulitsa kapenta kwa munthu amene watsikira kukafunsa chimbudzi. Mwana wawo Joyce anali mnzanga wa pamtima. Tinkakhala desiki imodzi, ndipo tikaweruka tinkakhala pansi pa mathebulo a amayi athu, kulera mlongo wake wakhanda dzina lake Gift.

Makobidi a kunja anabwera ndi amalume Lackson, mlongo wawo wa amayi. Ankayendetsa thiraki ya kampani ina ya ku Lusaka, ndipo ulendo wawo unkawafikitsa ku Malawi, ku doko la Beira, nthawi zina kumwera mpaka ku Durban. Akamadutsa kwathu ankaimika thiraki pansi pa mkuyu, n'kutsika akununkha dizilo ndi thukuta, kudya mazira a amayi osalipira, kenaka kupita kukaviika mapazi m'madzi ofunda. Tsiku lina ndinawatsatira kukakwera m'thirakimo ndipo ndinaona timakobidi tili mbwee m'kabokosi ka pafupi ndi chiwongolero. Ananditolera limodzi lofiirira.

"Ili ndi la ku Malawi," anatero. "Dzina lake ndi tambala, ndipo tambala wakeyo ndi uyu ukumuonayu."

Ndinaseka, chifukwa sindinkadziwa kuti dziko lingaike nkhuku pa ndalama. Kuyambira tsiku limenelo thiraki ikaima sindinkafunsa za masikono, ndinkafunsa za makobidi. Amayi anandipatsa chitini chakale cha koko kuti ndizisungiramo.

Chitinicho chinkalemera pang'onopang'ono. Munali la ku Malawi lina lokhala ndi zisononkho za chimanga zomangidwa pamodzi, ndi lina la njovu ndi mwana wake. La ku Zimbabwe linali ndi mtengo wa mlambe wofanana ndi umene tinkauona tikamapita ku Luangwa, lina linali ndi mlatho wopindika ngati uta. La ku Botswana linali ndi mbidzi, ndipo silinali lozungulira bwino, linali ndi makona asanu ndi awiri, moti ukaligubuduza patebulo linkayenda motsimphina. A ku Swaziland ndiwo ankandisangalatsa kuwagwira. M'mphepete mwake munali mokhotakhota ngati mphepete mwa bisiketi, ndipo lina linali la makona anayi ngati kazenera. Ndinafunsa amalume chifukwa chake, iwo anati n'kuti munthu azidziwa ndalama yake ndi zala zokha, dzanja lili m'thumba, osachita kuitulutsa pagulu.

Abwino kwambiri ankachokera kumadoko. Kumeneko madalaivala ankadikira katundu masiku ambiri, ndipo amalume, amene sankatha kukhala chete, ankacheza ndi anthu ogwira ntchito m'sitima zapamadzi ngakhale asakumvana chilankhulo. Anabweretsa la ku Italy la zitsulo ziwiri, pakati pachikasu, m'mbali moyera, lokhala ndi timadontho totukuka timene anati n'towerengera anthu osaona. Ndinayesa kulikankha pakatipo ndi chala, kenaka ndi mwala, koma silinatheke kulekanitsidwa. Anabweretsa la ku Denmark loboola pakati, lokhala ndi timitima ting'onoting'ono ngati tija atsikana tinkajambula kumapeto kwa makope. Anabweretsanso la ku India lopepuka ngati tsamba. Mayina a mayikowa ndinkawamva koyamba pakamwa pa amalume, ndipo Lolemba ndinkakawafufuza pa mapu ong'ambika a m'kalasi mwathu. Aphunzitsi ankaganiza kuti ndimakonda phunziro la mapu, koma ine ndinkangofuna kuona kutalika kwa ulendo umene khobidi layenda.

Ulendo wina anabwera ndi awiri a ku Japan. Loyamba linali lachikasu, loboola pakati, ngala ya mpunga itawerama mozungulira bowolo. Pa ilo panalibe nambala kapena chilembo chimene munthu wa kwathu akanawerenga, panali timizere tokhatokha tolukana ngati mapazi a nkhuku. Lachiwiri linali loyera, laling'ono, lokhala ndi kamtengo kophuka kumene. Amalume anapempha kapu ya madzi, n'kuliika khobidilo pa nsonga ya chala, n'kulitsitsa mwapang'onopang'ono mpaka linagona pamwamba pa madziwo. Anachotsa chala, ndipo linakhala pomwepo, likuyandama.

"Chinsinsi chake ndi ulemu," anatero amalume. "Ukaliponya limira. Ukaligoneka bwino, madzi amalinyamula."

Ndinaphunzira kuchita zimenezo tsiku lomwelo, ndipo mwana wa zaka zanga akadziwa chinthu chotero sangachibise. Ndinaonetsa Joyce, ndinaonetsa ana a m'kalasi, ndinaonetsa ndi anyamata ogulitsa makala. Masana ena ndinaliyandamitsa m'beseni limene amake Joyce ankatsukira mabotolo a mafuta. Iwo anaima n'kuyang'ana nthawi yaitali, manja ali m'chiuno. Sanaseke ngati anthu ena. Anangonena kuti ndichotsemo, n'kutaya madziwo kutali.

Joyce ankakonda kwambiri lachikasu loboola lija. Ankaliika pa diso n'kumasuzumira magalimoto kudzera pabowo. Tsiku lina anandipempha kuti agone nalo, ine ndinavomera. Asanapite kunyumba basi inaima, amayi ake anamuitana kuti athamange ndi kapenta, iye n'kuliponya m'chitini cha ndalama cha amayi akewo kuti lisatayike. Ataweruka analiiwala.

Sabata imeneyo amake Joyce anapita ku Lusaka kukaoda katundu. Anabwerako madzulo ndi chikwama chimene sichinadzaze ngakhale theka. Ndalama zimene mwezi wathawo zinkagula thumba la kapenta ndi chigubu cha mafuta, ulendo uno zinagula kapenta yekha. Izi zinkachitikira aliyense m'zaka zimenezo, koma munthu akagwira ntchito mwezi wonse padzuwa n'kuona phindu lake lasungunuka, amafuna kudziwa amene walitenga. Pokhuthula chitini chawo kuti aone zotsala, khobidi lachikasu linagwa pamphasa, lili ndi bowo pakati ndi zilembo zosawerengeka.

Kwathu anthu ankakhulupirira kuti pali ndalama zokhwimira. Munthu amakugula nayo kapena kuiponya m'ndalama zako, ndipo ikabwerera kwa mwini wake imakoka zinzake zonse. Ena ankazitcha chitaka. N'chifukwa chake azimayi ambiri a pamsewu ankaika kakala kapena tsabola m'zitini zawo. Amake Joyce sanachedwe kulumikiza nkhani. Bowolo anati ndiye khomo lotulukira ndalama, ndipo mwana amene amayandamitsa chitsulo pamadzi sangakhale kuti akungosewera. Joyce anafotokoza akulira kuti analiikamo ndi iye, koma amayi ake anati ndinamupatsa dala, podziwa kumene likagone.

M'mawa mwake tinapeza thebulo la amake Joyce litasunthidwira tsidya lina la mkuyu. Palibe amene anatitukwana. Moni ankayankha, koma mwachidule, maso ali kwina. Basi yoyamba itaima, amayi anathamanga monga mwa masiku onse. Bambo wina anatenga nthochi n'kutulutsa ndalama yaikulu. Amayi anafuula kuti chenji, anafuulanso kachiwiri, ndipo azimayi onse anali otanganidwa ndi mawindo ena. Aliyense ankaopa kuti ndalama yochokera m'manja mwa amayi ikalowa m'chitenje chake. Bambo uja anabweza nthochizo kudzera pawindo basi ikunyamuka.

Zinapitirira choncho kwa masabata angapo. Amayi ankagulitsa kwa okhawo amene anali ndi ndalama yokwanira ndendende, ndipo oterowo anali ochepa. Nthochi zinkada patebulo, ife n'kumazidya m'mawa ndi madzulo mpaka mng'ono wanga anayamba kulira akaziona. Mazira otsala sitinkatha kuwagulitsa mawa lake. Anthu a m'mudzi amene ankagula zitumbuwa popita kumunda anayamba kulambalala. Kusukulu Joyce anasamukira desiki ina. Nthawi yopuma ndinkamuona akundiyang'ana kuchokera patali, maso ali ofiira. Ana ena ankabisa mapensulo awo ndikamadutsa, ngati kuti khobidi lingakoke ndi mapensulo omwe.

Amayi sanandikalipire. Madzulo ena anatenga chitini changa, n'kukhuthulira makobidi onse pa chitenje, n'kuwatembenuza limodzilimodzi. Anandiuza kuti ndiwaonetse mmene loyera lija limayandamira. Ndinawaonetsa. Anayesa okha, linamira. Anayesanso, ndipo linayandama. Anapumira m'mwamba n'kunena kuti Lackson ali ndi manja obweretsa mavuto kuyambira ali mwana. M'mawa mwake anapita kwa amake Bornface, amene azimayi a pamsewu anawasankha kukhala wapampando wawo, kukapempha kuti nkhaniyi ikambidwe pagulu.

Anakumana Lamlungu masana, anthu atabwerako kutchalitchi, pansi pa mkuyu womwe uja. Ine anandiuza kuti ndikhale pambali pa amayi, chitini chili pamiyendo. Amake Bornface anali mayi wonenepa, wolankhula mosathamanga, wogulitsa mbatata. Anayamba ndi pemphero, kenaka anapatsa mpata amake Joyce. Iwo anafotokoza zonse, kuyambira beseni mpaka ulendo wa ku Lusaka, n'kumasula kansalu kamene anakulungamo khobidi lachikasu pamodzi ndi makala ndi tsabola. Analiika pansi osaligwira ndi dzanja.

Itafika nthawi ya amayi, sanalankhule zambiri. Anayala chitenje n'kukhuthula chitini chonse.

"Ndi izi zimene mwana amasewera nazo," anatero. "Amabweretsa ndi mlongo wanga, mumamudziwa nonse, amadya mbatata zanu. Yang'anani nokha."

Poyamba palibe anasuntha. Kenaka mayi wina wa ku Chipata anawerama n'kunena kuti la tambalalo akulidziwa, ankaguliramo machesi ali mtsikana kumalire. Wina anaona chimanga, wina anaona mbidzi. Posakhalitsa azimayi amene anabwera kudzaweruza anali atagwada mozungulira chitenje, akupatsirana makobidi. Anatsutsana ngati mkazi wa pa khobidi la ku Italy ali ndi mapiko m'mutu kapena ndi duku. Mmodzi analuma la zitsulo ziwiri lija kuti aone ngati pakati pake ndi golide. La makona anayi linawaseketsa, ndipo wina anati dziko limenelo liyenera kuti lili ndi matumba a makona anayinso.

Amake Joyce sanagwade nawo. Anati tambala ndi chimanga alibe nazo mlandu, mlandu wawo uli pa loboola ndi loyandama. Nthawi imeneyo Gift anayamba kulira kumsana kwawo, ndipo amake Bornface anatambasula manja kuti amulandire. Pomunyamula kamalaya kanakwera m'mwamba, ndipo m'chiuno mwa mwanayo munaoneka kachingwe kakuda. Pa kachingwepo panali khobidi lakale lofiirira, loboola pakati. Ine ndinkalidziwa bwino, chifukwa pomusambitsa Gift ndinkalisirira. Linali la nthawi ya atsamunda, lokhala ndi njovu ziwiri zoimirira mbali ndi mbali ya bowo, ndi chisoti chachifumu pamwamba. Makanda ambiri kwathu ankavala otero.

Amake Bornface analigwira pakati pa zala, n'kuyang'ana la pansi lija, n'kuyang'ananso la mwanayo.

"Nanga ili, amake Joyce, limatulutsa ndalama za ndani?"

"Ilo ndi la kwathu. Anasiya ndi agogo ake. Ndi loteteza mwana, si lobera."

"Ndamva. Ndiye kuti bowo palokha si mlandu. Ife tinkagulira mchere makobidi oboola ngati amenewa, tinkawatunga pa chingwe kuti asatayike."

Azimayi ena anaseka, ena anabisa pakamwa ndi zitenje. Ndinaganiza kuti nkhani yatha, koma kusekako kunawawitsa mtima amake Joyce. Analanda mwana wawo m'manja mwa amake Bornface n'kufunsa kuti nanga chitsulo choyandama achifotokoza bwanji. Amayi anayankha kuti beseni lachitsulo nalonso limayandama tikamachapa kumtsinje. Amake Joyce anati beseni lili ndi mimba, khobidi lilibe. Ine ndinkadziwa kuyandamitsa kokha, chifukwa chake sindinkachidziwa.

Amayi anayang'ana azimayi onse aja, anthu amene ankathamanga nawo kumawindo a mabasi chaka ndi chaka, kenaka anatola makobidi awiri a ku Japan n'kuwapereka kwa amake Bornface.

"Ngati awiriwa ndiwo atilekanitse, atayidwe," anatero. "Ine sindinabe ndalama ya munthu, ndipo mwana wanga sanabe. Koma atayidwe, aliyense agone ndi mtima umodzi."

Ndinayamba kulira pomwepo, mosabisa. Palibe anandisamala. Anagwirizana kuti akaponyedwe pamene madzi otentha amatulukira, poti pamenepo palibe angalowetse dzanja kuti awatolenso. Tinayenda pamzere kudutsa m'udzu, amake Bornface patsogolo, ine pambuyo pa amayi, ana ena akutitsatira chapatali. Dzuwa linali litapendeka, nthunzi ikuoneka pang'ono, madzi akubwadamuka mwakachetechete pakati pa miyala yoterera. Amake Bornface anaima pa mwala wouma n'kuponya lachikasu. Linanyezimira kamodzi n'kumira. Anaponya loyera lija, nalonso linamira ngati chitsulo china chilichonse.

"Mwaona," anatero mayi wina chapansipansi. "Latha mphamvu."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti lamira chifukwa aliponya, kuti likanagonekedwa bwino pa madzi odekha likanayandama. Mawu asanatuluke amayi anandifinya mkono, pamwamba pa chigongono, pamene pamapweteka kwambiri. Ndinatseka pakamwa. Amake Joyce anayang'ana m'madzimo nthawi yaitali, kenaka anakonza mwana wawo kumsana n'kunyamuka.

Pobwerera kunyumba tinali awiri. Ndinkayenda patsogolo, ndikukoka mapazi, chitini chili kukhwapa. Titayandikira nyumba amayi anandiitana.

"Eneless, ndikudziwa kuti khobidi lako silinalakwe. Koma khobidi silingandiphwanyire ndalama basi ikaima."

Masiku angapo ndinkawalankhula mokakamizika.

Zinthu sizinabwerere tsiku limodzi. Amake Bornface ndiwo anayamba kuwaphwanyira amayi ndalama, pamaso pa onse, ndipo ena anatsatira mmodzimmodzi. Thebulo la amake Joyce linakhala tsidya lija mpaka mvula yoyamba, pamene madzi anayamba kudikha pamalopo, ndiye anabwerera pamalo awo akale ngati kuti chawabweza ndi matope. Mitengo ku Lusaka inapitirira kukwera. Ulendo wotsatira amake Joyce anabwerakonso ndi chikwama chosadzaza, ndipo popeza makobidi anali pansi pa kasupe, anayamba kudandaula za boma ngati wina aliyense. Kupepesa sanapepese. Chimene anachita n'chakuti tsiku lina anatumiza Joyce kwathu ndi kambale ka kapenta, amayi n'kubweza kambaleko muli zitumbuwa. Ine ndi Joyce tinayambanso kukhala desiki imodzi, koma chitini changa sichinkatulukanso m'nyumba, ndipo iye sanapemphenso kuchiona.

Amalume atabwera ndinawafotokozera zonse. Poyamba anaseka mpaka kutsamira thiraki, makamaka atamva za khobidi la m'chiuno mwa Gift. Atamva za nthochi zowola ndi mazira otayidwa analeka kuseka. Anapita kwa amayi n'kunena kuti, "Ba sisi, pepani, sindinaganize." Tsiku limenelo mazira amene anadya analipira. Makobidi anapitiriza kundibweretsera, koma ankayamba awaonetsa amayi, ndipo oboola kapena a zilembo zachilendo ankabwerera m'thiraki. Zaka zingapo pambuyo pake anadwala n'kusiya kuyendetsa, ndipo anamwalira ndisanamalize sekondale. Chitinicho chinatha pang'onopang'ono. Ang'ono anga anatengamo a mawilo, ena ndinapatsa anzanga kusukulu yogonera komweko, ena anangosowa posamuka.

Nditakula ndinamva kwa mphunzitsi wa sayansi chifukwa chake khobidi lopepuka limagona pamadzi. Anafotokoza ndi singano ndi kapu, ndipo ana anzanga anadabwa. Ine ndinangokhala, ndikuganiza za azimayi aja ataimirira m'udzu. Sindiwaona ngati anthu opusa. Ndalama zawo zinkasungunukadi, ndipo palibe anabwera kudzawafotokozera kumene zikupita.

Lero pa Chinyunyu mabasi aakulu ambiri amangodutsa osaima, ndipo amene aima, okwera amafunsa nambala ya foni m'malo mofunsa chenji. Mayi akhoza kugulitsa tsiku lonse osafuna thandizo la mnzake wa thebulo loyandikana nalo. N'zosavuta, ndipo palibe amene angamusale monga anawachitira amayi anga, koma sindikudziwa ngati azimayiwo amadziwanabe ngati kale. Joyce amakhala komweko, ali ndi kanyumba kotumizira ndalama pafoni pafupi ndi pamene panali mathebulo a amayi athu. Tikakumana timakamba za ana ndi za mitengo ya feteleza.

Ndalama zachitsulo zinabweranso m'dziko muno ana anga ali aang'ono, ndipo kwa iwo ndi zinthu wamba zogulira maswiti. Tsiku lina mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kukantini ndi chenji m'manja. Ndinamufunsa kuti pa khobidi la kwacha imodzi pajambulidwa chiyani. Anakweza mapewa n'kunena kuti sanayang'anepo. Ndinafuna kumudzudzula, koma ndinapeza kuti nanenso sindikudziwa, ngakhale ndinali nditaligwira kambirimbiri. Tinalitembenuza tonse awiri pakhomo pomwepo. Panali kambalame katatera pa nthambi, ndipo palibe mwa ife amene ankadziwa dzina lake.